Ndinalengeza Chimanga Chimene Tinalibe

Ndinanama pa intaneti kuti kwathu kuli chimanga chotsika mtengo, pamene m'nyumba mwathu munalibe ngakhale ufa wa phala. Palibe anandigwira pakhosi. Ndinachita ndekha, ndi zala zangazi, ndikudziona wochenjera kuposa mudzi wonse. Ndinkati ndikupulumutsa malonda a mayi anga, osadziwa kuti ndine amene ndikuwakumbira dzenje. Inu owerenga, makamaka inu amene mumatsatsa katundu pa foni, ndimvereni mpaka kumapeto, chifukwa zimene ndinachitazi ndikuona ambiri akuzithamangira.

Kwathu ndi ku Chikweo, mbali yoyang'ana ku nyanja ya Chiuta. Bambo anga ndi asodzi. Mayi anga, amene anthu amawatchula kuti Abiti Daudi, amaluka mikeka, madengu ndi zipewa za mlaza. Kusukulu sanapiteko, koma akagwira mlaza wonyika mu utoto mumangoti kukamwa yasa. Ankaluka ndi anzawo asanu ndi awiri, Asilamu ndi Akhristu omwe, kuseli kwa nyumba yathu. Wamkulu pa onsewo anali mayi Nambewe, wamasiye wa Chikatolika amene ankalera zidzukulu ziwiri ndi mikeka yomweyo.

Ine nditamaliza Fomu 4 ndinakakhala kwa malume ku Balaka, komwe ndinaphunzira kompyuta. Pobwerera kumudzi ndinatsegulira amayiwa tsamba pa intaneti. Linali tsamba losauka koma loona. Ndinkajambula mkeka uliwonse, kulemba dzina la wouluka, kutalika kwake, mtengo wake, ndi nambala ya foni yanga. Kwa amene simuzidziwa bwino zinthuzi, munthu akafuna chinthu amalemba mawu m'makina ofufuzira a pa intaneti, ndipo makinawo amamundandalikira masamba. Amene ali pamwamba ndiye amatsegulidwa. Amene ali m'munsi ali ngati wamalonda amene wayala katundu kuseli kwa chimbudzi cha pamsika.

Zinanditengera zaka ziwiri kuti tsamba lathu likwere. Sabata iliyonse ndinkakwera pachulu kusaka netiweki ya intaneti kuti ndiwonjezere zithunzi, anthu n'kumandiseka kuti mwana wa Abiti Daudi wapenga. Koma linakwera. Munthu akalemba kuti mikeka ya mlaza, ife tinkatuluka pa nambala yachinayi. Umo ndi mmene anatipezera mayi Gondwe, a ku Blantyre, amene ali ndi sitolo yogulitsa zinthu kwa alendo odzaona dziko. Chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira ankaimba foni n'kutenga katundu yense amene tinali naye. Tinkakakweza pa minibasi pa Ntaja, kondakitala wina wodziwana nawo n'kukawatulira. Mabanja asanu ndi atatu aja ankawoloka miyezi ya njala ndi malonda amenewo.

Kenaka chinafika chaka chija mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula. M'minda munauma gwa. Nyanja inaphwa mpaka mabwato ena anatsala pamatope, ndipo bambo ankabwera ndi timatemba tosadzaza n'chikhatho chomwe. Pofika mwezi wa Okutobala anthu anali atayamba kuwiritsa mango aawisi. Madeya, amene kale tinkapatsa nkhuku, anasanduka chakudya cha ulemu. Ana anasiya kusewera, ndipo mudzi unangoti zii ngati pali maliro.

Amayi ambiri anabwera kudzapempha kuti alowe nawo m'gulu la oluka. Mayi anga sadziwa kukana munthu. Posakhalitsa mikeka inadzaza chipinda changa mpaka kudenga, ine n'kumagona pakati pa mipukutu. M'mawa uliwonse amayi aja ankandiyang'ana m'manja momwe munali foni, maso awo akundilasa. Mayi Gondwe anali asanaimbe, chifukwa nthawi yawo inali isanakwane. Mayi ankandiuza kuti tidikire, sanatikhumudwitsepo. Ine kudikira kunandikanika. Ndinali ndi mantha, komanso ndisakubiseni, ndinali ndi matama. Ndinkafuna anthu adzati mwana uja wapulumutsa mudzi.

Ndiye ndinapita ku Balaka kwa bambo wina dzina lake Che Awali, amene ankakonza mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemore pafupi ndi depoti. Tinadziwana nthawi imene ndinkaphunzira kompyuta. Anali munthu wa pakamwa potsekemera, woti akhoza kugulitsa madzi kwa msodzi. Atayang'ana tsamba lathu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Chemwali, inu mukuchita za kusukulu," anatero. "Ndani akufufuza mkeka chaka chino? Mkeka amadya? Dziko lonse likulemba mawu amodzi basi, chimanga. Ikani amenewo muone."

Ndinamuuza kuti iyayi, ife chimanga tilibe. Iye anati makina alibe maso, sabwera kudzasuzumira m'nkhokwe. Anati mavenda ndi mabwana a m'tauni amene akusaka chimanga ali ndi ndalama, akalowa pa tsamba adzaona mikeka, ndipo mmodzi mwa khumi adzagula. Pa nthawiyo zinandimvekera zanzeru. Njala imagonthetsa makutu, abale anga.

Tinakhala tsiku lonse pa kompyuta yake. Pansi pa tsamba tinalemba mawu akuti chimanga chotsika mtengo, ufa, mpunga, thandizo la chakudya, mobwerezabwereza ngati nyimbo ya ana, ndipo tinawalemba ndi zilembo zoyera pamalo oyera kuti munthu asawaone koma makina awawerenge. Mutu wa tsamba, umene umaoneka munthu akamafufuza, tinausintha kukhala wakuti chimanga chotsika mtengo chilipo ku Chikweo. Tinapanga masamba ena ambirimbiri ofanana ndendende, n'kumangosintha dzina la malo: lina la Phalula, lina la Nayuchi, lina la Liwonde, onse olozera kwa ife. Ndinapeka mayina a anthu amene sanabadwe n'kulemba mawu otiyamikira ngati ndi makasitomala. Che Awali sanafune malipiro. Anangoti aike malinki ake, timawu todina totengera munthu ku masamba ena, pa tsamba lathu, iyenso aike athu pa masamba a anzake. Nditafika kunyumba ndi pamene ndinaona kuti malinkiwo anali a kubetcha mpira ndi a asing'anga olemeretsa anthu. Ndinaona, ndinanyansidwa, koma sindinachotse.

Kwa mayi sindinanene chilichonse. Ndinangoti ndakonzetsa tsamba.

Patangotha masiku ochepa chiwerengero cha olowa pa tsamba chinakwera moti ndinavina ndekha pachulu paja. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Foni inayamba kulira kuyambira m'mawa mpaka batire kutha, koma palibe ngakhale mmodzi anafunsa za mkeka. Onse ankafunsa kuti thumba likupita pa bwanji, nanga ndowa, nanga mukhoza kundisungirako. Ena ankalankhula mawu akunjenjemera. Mayi wina anandiuza kuti ana ake atha masiku awiri akudya masamba a chinangwa okhaokha.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa koposa. Ndikanati pepani, kuno kulibe chimanga ndipo sikunakhalepo. Koma manyazi anandigwira, ndipo aliyense ndinkamuyankha kuti chatha lero. Inu owerenga, mukauza munthu wanjala kuti chatha lero, iye amamva kuti mawa chibwera. Anthu anayamba kutumizirana nambala yanga m'magulu a pa foni. Bodza limene ndinkaganiza kuti likhala m'makina linayamba kuyenda lokha m'midzi.

Lachinayi lina masana tinaona bambo wachikulire akukankha njinga kulowa pabwalo pathu. Pa kaliyala anamangirira matumba atatu opanda kanthu. Milomo inali itang'ambika, mapazi atatupa. Anagwada mwaulemu, anapereka moni, ndipo anafunsa ngati pano ndi pamene akugulitsa chimanga. Anati achokera ku Phalula. Mwana wawo amene amagwira ntchito ya ulonda ku Lilongwe ndiye anaona pa foni, anawatumizira kangachepe, n'kuwauza kuti athamange chisanathe. Pofuna kuti ndalama yonse ipite ku chimanga sanakwere galimoto. Anapalasa masiku awiri, kuwoloka Shire pa Liwonde, kugona pakhonde la sitolo pa Ntaja, opanda chodya.

Mayi anadabwa. Anati mwina bambowa asokera. Bambo aja anatulutsa kapepala m'thumba la malaya, ndipo pa kapepalapo panali nambala yanga ndi dzina la mudzi wathu. Mayi anatembenuka kundiyang'ana. Ndinaulula zonse pomwepo, pamaso pa mlendo, mawu akutuluka modukaduka.

Sanandikalipire. Kwathu mlendo sachoka ndi njala, ngakhale chaka chiipe chotani. Tsiku limenelo tinali ndi timadeya tokwana phala la kamodzi, la anthu asanu. Mayi anaphika, anathira lonse m'mbale imodzi, n'kundiuza kuti ndikapereke ndine, chogwada. Azing'ono anga awiri anaima pakhomo kuyang'ana mbale ija ikudutsa. Bambo aja anadya theka, theka linalo anakankhira kwa ana. Ponyamuka anangondifunsa funso limodzi.

"Mwanawe, ndikafika ndikawauze chiyani adzukulu anga?"

Anakankha njinga yawo n'kumapita. Mpaka lero yankho lake ndilibe, ndipo sindidziwa ngati anakafika bwino.

Tsoka silinathere pamenepo. Anthu a m'mudzi anaona njinga ya matumba ikulowa kwa Abiti Daudi. Anamvanso kwa abale awo a m'tauni kuti pa foni akuti ku Chikweo kuli chimanga, ndipo nambala yake ndi ya mwana wa Abiti Daudi. Amene munakhalapo m'mudzi chaka cha njala mukudziwa kuti palibe mlandu woopsa kuposa kuganiziridwa kuti ukubisa chakudya. M'mawa mwake pabwalo panadzaza. Ena mwa iwo anali amayi omwe aja oluka nawo. Ankati mayi agulitsa mikeka yawo mobisa, agula chimanga ku Mozambique, ndipo akugulitsa kwa alendo pamene eni mudzi akufa. Mayi analumbira pa dzina la Mulungu. Ine ndinayesa kufotokoza za zilembo zoyera pamalo oyera, koma ndani akanamva zimenezo? Mayi wina anandifunsa kuti ngati chimanga kulibe, munthu wamisala yanji angalengeze kuti chilipo. Funso limenelo linali loona.

Analowa m'nyumba. Anagwetsa mipukutu ya mikeka, anakumba pansi pa bedi la bambo, anasuzumira mpaka m'mitsuko ya madzi. Sanapeze kanthu, koma m'malo mokhulupirira anati tachisamutsa. Ambiri anatenga mikeka yawo n'kumapita. Mayi anakhala pakhonde, chitenje kumutu. Amene anatsala nawo ndi mayi Nambewe okha, amene anakhala pambali pawo nati, "Abiti, ine ndakudziwani kalekale. Wanga usiyeni pompano, mayi a ku Blantyre akaimba mudzatumize."

Tsiku lomwelo ndinathamangira pachulu kukachotsa bodza lija. Ndinalemba kaye mikeka ya mlaza m'makina ofufuzira kuti ndione pamene tili. Panalibe. Ndinatsika tsamba lachiwiri, lachitatu, mpaka lakhumi, bandulo ikungotha. Panalibe. Mu imelo munali uthenga umene unafika masiku angapo m'mbuyo, ine osauona chifukwa cha phokoso la mafoni. Unkanena kuti tsamba lathu lapezeka ndi mawu obisika, masamba obwereza ndi malinki achinyengo, choncho latsitsidwa. Ndinakhala pachulu paja kulira ngati mwana, dzuwa likundiwotcha.

Che Awali ananama kuti makina alibe maso. Mawu amene munthu wawabisa ndi amene makinawo amayamba kuwaona, chifukwa iwo sayang'ana mtundu wa zilembo ngati ife. Amaona masamba khumi ofanana atabadwa tsiku limodzi. Amadziwa malo auve kumene malinki ogulitsana amachokera. Komanso anthu amene wawapusitsa sakhala chete, amakakunenera. Ndipo ngakhale masiku amene chinyengo chinkaoneka ngati chikugwira, chinandibweretsera ndani? Anthu anjala, amene sakanagula mkeka ngakhale ndikanawagwadira. Nditamuimbira Che Awali anangoti, "Aa, zimachitika chemwali, tsegulani lina." Kwa iye zinali zophweka. Ine ndinkadziwa kuti lina limatanthauza zaka ziwiri, pamene Khirisimasi inali itatsala milungu isanu.

Ndinachotsa zonse zimene ndikanatha. Ndinafufuta mayina opeka aja, masamba a Phalula ndi Nayuchi, malinki a kubetcha. Koma malinki amene anali pa masamba a anzake a Che Awali sindikanawafikira. Ndinalemba kalata yopepesa kwa eni makina, m'Chingelezi changa chothyokathyoka, kupempha kuti ationenso. Yankho silinabwere. Ndinaimba nambala ya mayi Gondwe, kawiri, katatu, kakhumi, sinkapezeka. Tsiku lililonse ndinkakwera chulu, tsiku lililonse ndinkatsika wopanda uthenga. Novembala anatha. Disembala anatha. Mvula inayamba, denga linadontha, ndipo mikeka yotsala inayamba kuchita nkhungu. Bambo anawoloka malire pa Nayuchi kukasaka ganyu. Mayi anasenza mikeka ina kupita nayo komweko, kumene mkeka wa masiku asanu oluka unkasinthidwa ndi mbale imodzi ya madeya.

Mayi Gondwe ndinawapeza mu Febuluwale, kudzera kwa kondakitala uja, nditayenda wapansi kukamudikira pa Ntaja. Zimene anandiuza zinandithyola mtima. Foni yawo inabedwa mu Okutobala, manambala onse n'kupita nayo. Sanade nkhawa, chifukwa ankadziwa kuti atipeza mmene anatipezera poyamba. Analemba mikeka ya mlaza, sanatione. Analemba dzina la tsamba lathu, n'kupeza mutu wa chimanga ndi zotsatsa za asing'anga. Anaganiza kuti akuba alanda tsambalo, kapena ifeyo tasanduka akuba, ndipo anaopa kuimba. Chaka chimenecho anali ndi oda yaikulu kuposa zaka zonse, yochokera ku malo ena ogona alendo, yoti ikanatenga mkeka uliwonse umene unali m'chipinda changa. Anakagula kwa anthu ena, ndipo anali atapangana nawo kale za chaka chotsatira.

"Mwana wanga, unachitiranji zimenezi?" anandifunsa. "Ine ndinkakusakani."

Inu owerenga, mvetsani bwino pamenepa. Ndikanangokhala phee, osachita chilichonse, foni ikanalira. Chakudya cha mabanja onse aja chinali panjira, chikubwera chokha, ndipo ine ndinachitsekera khomo.

Mayi Nambewe anamwalira kumapeto kwa mwezi womwewo. Anadwala malungo, koma tonse tinkadziwa kuti thupi linalibe polimbira, chifukwa kochepa kamene ankapeza ankapatsa zidzukulu. Sindinganene kuti ndinawapha ndine, komanso sindinganene kuti ndilibe mbali. Abale awo analibe matabwa a bokosi. Mayi analowa m'chipinda changa, anasankha mkeka wa mizere yofiira umene malemuwo anasiya kuti tidzatumize ku Blantyre, anaupukuta nkhungu ndi chitenje chawo, ndipo anandisenzetsa kuti ndikapereke kusiwa. Anaikidwa mu mkeka umenewo.

Panopa papita zaka. Tsamba linabwerera patatha miyezi yambiri, koma lili m'munsi, ndipo likukwera pang'onopang'ono ngati nkhalamba pa phiri. Gulu la oluka silinabwererenso mmene linalili. Pali amayi ena amene mpaka lero akakumana ndi mayi anga pa mjigo amayang'ana kumbali, akukhulupirirabe kuti tinadya tokha. Mayi anataya dzina limene analisunga moyo wawo wonse, chifukwa cha mawu amene sangathe n'kuwawerenga komwe.

Ndiye ndikupempheni, inu achinyamata anzanga amene makolo akukudalirani chifukwa mumadziwa foni. Lembani chimene muli nacho, basi. Ngati mukugulitsa matemba lembani matemba, jambulani matemba anu omwewo, ikani mtengo woona. Wina akakuuzani kuti akukwezani pamwamba m'sabata imodzi, mufunseni kuti akachita chiyani kwenikweni, ndipo ngati chinthucho simungathe kuchifotokoza kwa mayi anu mutawayang'ana m'maso, chisiyeni. Musabise mawu, musapeke makasitomala, musalole malinki a anthu osawadziwa. Anthu khumi amene akufunadi katundu wanu aposa chikwi chimene mwachikoka ndi bodza. Kuthamanga sikufika. Ndipo koposa zonse, musaseweretse mawu amene munthu wina moyo wake wapachikika pamenepo. Kwa ine chimanga anali mawu ongokokera anthu. Kwa wina anali masiku awiri a panjinga.

Ndinafuna kusintha nambala ya foni, chifukwa bodza lija silinafe lonse. Linatsalira m'masamba a anthu ena ndi m'mauthenga akale amene amazungulirabe, moti chaka chikangoipa pang'ono foni imayambanso kulira. Mayi anakana. Anati nambalayo ikhale, ndipo aliyense woimba ndimuyankhe ndekha, asanakweze matumba pa njinga. Choncho ikalira amasiya kuluka n'kundiyang'ana, ine n'kuyankha iwo akumva: "Iyayi bambo, musabwere. Kuno chimanga kulibe, ndipo sikunakhalepo. Ndinanama ndine."